Chitipa ikonzekere ngozi zovulaza anthu ambiri

CHITIPA - Zivomerezi zomwe zidagwedeza Karonga mu Disembala 2009 zidaonetsa kuti ngozi yaikulu ikagwa kuno, thandizo lakutali limachedwa. Ku Chitipa vutoli n'lokulirapo: chipatala chachikulu cha Mzuzu chili pamtunda woposa makilomita 300, ndipo misewu ya ku Nthalire ndi Misuku imavuta m'nyengo ya mvula.

Choncho maphunziro okonzekera ngozi asamathere m'mahotela a ku Lilongwe. Anamwino a m'zipatala zazing'ono, apolisi, madalaivala a maambulansi ndi makomiti a m'midzi aziyeserera limodzi kusankha ovulala ofunika thandizo msanga, kuletsa kutaya magazi komanso kugawana galimoto zochepazo. Lamulo la 2023 loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lilipo. Chatsala n'choti khonsolo iike ndalama za ntchitoyi m'bajeti yake.