Tender ya madesiki, koma wolemba sanagwirepo sowo

Amai na atate a mu Soweto, City Market na Buseko, na imwe akalipentala a m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, lelo tikambe za mapepala.

Boma litiuza tsiku na tsiku kuti CDF yakwera. Zoona, yakwera: mu 2021 inali K1.6 million pa constituency imodzi, mu 2022 inafika K25.7 million, mu 2025 K36.1 million. Ati ndalama zabwera kwa anthu, ati madesiki a masukulu azipangidwa na akalipentala a komweko. Manje funsani kalipentala wa mu George kapena telala wa mu Chawama kuti tender anaiona bwanji. Azakuuzani kuti anaona chabe mnyamata wa tayi na laputopu pa kantemba ka photocopy, amene anamuuza kuti lipirani, nikulembelani.

Awa ndiye "ba consultant" a mukomboni. Mupambane, mulephere, iwo yawo adya kale. Ena afuna na pesenti pamwamba nchito ikatuluka, osakhoma msomali ngakhale umodzi.

Nanga akugulitsani chani? Tender ikatsegulidwa, choyamba chimene ayang'ana si Chizungu chokoma ayi. Ayang'ana mapepala: setifiketi ya PACRA kapena ya cooperative, TPIN na tax clearance ya ku ZRA, pepala la NAPSA, la Workers' Compensation, ndipo ngati ni nchito yomanga, la NCC. Limodzi likasowa kapena likatha nthawi yake, mwagwa pamenepo, mtengo wanu sauona n'komwe. Mapepala awa salembedwa na consultant. Atengedwa ku maofesi, mu dzina lanu, na NRC yanu. TPIN ni yaulere. Munthu wokulipiritsani TPIN akugulitsani madzi a mvula.

Chachiwiri ni mtengo, ndipo apa m'pamene nifuna tikhalitse. Ndani adziwa mtengo wa thabwa ku Buseko sabata ino? Ndani adziwa kuti paipi imodzi ya chitsulo itulutsa miyendo ingati, kuti penti, ma rod owotcherera na Canter yopereka katundu kusukulu zidya zingati? Ni imwe. Mnyamata wa laputopu sadziwa. Iye afuna chabe muoneke otchipa kuti mumutamande, ndiye alemba mtengo wapansi. Mwapambana, mwavina. Pambuyo pake mupeza kuti mtengo uja sukwanira na matabwa omwe, boma lilipira katundu ataperekedwa kale, ndipo kawirikawiri mochedwa. Muthamangira kaloba. Tender imene munaiyesa dalitso ndiyo izakugulitsitsani shopu. Amai amene mudziwa kuwerenga phindu la bokosi la tomato mpaka ngwee, osalola munthu akuuzeni kuti simungakwanitse kuwerenga mtengo wa yunifomu imene musoka na manja anu.

Palinso china chimene sakuuzani. Consultant mmodzi alembela anthu asanu pa tender imodzi yomweyo, mawu amodzimodzi, na zolakwika zomwezo. Oyang'anira tender akaona, aganiza kuti munapangana, ndipo nonse mungachotsedwe. Komanso adziwa mtengo wanu na wa mnzanu. Azasankha yekha amene apambane. Ndipo ngati ndiye anakutsegulirani akaunti pa e-GP ya ZPPA na imelo yake na password yake, kampani ni yanu pa pepala chabe. Mukayambana, makiyi ali kwa iye.

Sinikamba kuti musalipire munthu aliyense. Ngati ni kumanga kalasi, chimbudzi cha pamsika kapena ngalande ya mu Kanyama, pafunika BOQ, kuwerenga simenti, ma block na zitsulo. Pamenepo pezani munthu anaphunzira nchitoyo, mumulipire pa nchito imodziyo, akupatseni risiti, mukhale naye pa tebulo pamene awerenga. Koma madesiki, mayunifomu, kuyeretsa, kupereka katundu? Izi mungachite mweka. Muli na chilimba, muli na cooperative. Pa gulu la anthu 10 simungasowe mwana mmodzi wa Grade 12 wodziwa kompyuta. Akhale pansi na wamkulu wodziwa mitengo, awerenge pepala la tender mzere na mzere, ayankhe chimene afunsa basi. Yoyamba mwina muzagwa. Lembani kalata mufunse chifukwa chake, musunge yankho mu fayilo pamodzi na masiku amene setifiketi iliyonse ikutha. Yachiwiri simuzabwereza cholakwa chomwecho. Wolipira consultant akagwa, sadziwa na chimene chamugwetsa, abwerera kukalipiranso.

Koma mlandu waukulu si wa mnyamata wa laputopu. Nayenso ni wa tamanga, alibe nchito, waona mpata. Mpata anautsegula ndani? Ni iwo amene atenga ndalama ya anthu a mukomboni n'kuitsekera mu mafomu a Chizungu cha maloya. Ni iwo amene auza mai wa ku Mtendere kuti alowe pa intaneti, pamene mu 2024 malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, foni ilibe moto, bundle yatha. Pa nthawi ya kampeni onse adziwa kukamba Chinyanja pa msika. Ikafika nthawi ya tender, Chinyanja chasowa. Ndiye muzidabwa kuona nchito za mu Matero zikugwera makampani a mu chikwama, pamene wopanga weniweni apatsidwa ka piece work pa nchito yomwe ikanakhala yake?

Pa CDF yonseyi sizingatheke kuti pasowe ndalama ya tebulo limodzi na kompyuta imodzi pa msika uliwonse waukulu, pokhala munthu wa council wothandiza kudzaza mafomu kwaulere. Tifuna ma tender a CDF amatidwe pa chipata cha msika, osati pa Civic Centre pokha, na kufotokoza kwake mu Chinyanja. Tifuna mndandanda wa amene anapambana umatidwe pomwepo, na mitengo yake. Ward Development Committee yanu ikaitana msonkhano, pitani na mafunso awa, ndipo ba councillor ayankhe pamaso pa anthu kuti tebulolo lizaikidwa liti.