Ana athu adziwe kusiyana kwa "borrow" ndi "lend"

M'masukulu a kuno kum'mawa, kuyambira m'tauni ya Chipata kukafika ku Chiparamba, Kasenengwa ndi Chipangali, pali mau amene amamveka tsiku lililonse mwana akaiwala colembera kunyumba. Amatembenukira mnzake nati: "Borrow me your pen." Mnzakeyo amamva, namupatsa colembera, nkhani n'kuthera pomwepo. Akuluakulu pa msika wa Kapata ndi ku Down Shops nawonso amalankhula cimodzimodzi, ndipo palibe amene amadabwa.

Ife tikuti nthawi yakwana yoti makolo ndi aphunzitsi ayambe kudabwa. M'Cizungu muli mau awiri, "borrow" ndi "lend", ndipo lililonse lili ndi nchito yake. "Borrow" ndi kutenga cinthu ca mwini kuti udzabweze. "Lend" ndi kupereka cinthu cako kuti adzakubwezere. Mwana amene wasokoneza mau awiriwa wasokoneza wopempha ndi mwini cinthu. Nkhani ikakhala ya ndalama, ndiye kuti wasokoneza munthu wa nkhongole ndi mwini ndalama.

Tisafulumire kunena kuti ana a masiku ano ndi mbuli. Colakwa cimeneci cili ndi gwero lake, ndipo gwerolo lili m'cinenero cathu comwe. M'Cinyanja liu limodzi limayenda mbali zonse ziwiri. Timati "ndabwereka khasu kwa amalume", timatinso "amalume andibwereka khasu", ndipo wopempha amati "ndibwerekeni khasu". Liu ndi lomwelo, koma timadziwa kumene khasu lacokera ndi kumene lalowera cifukwa ca timau tating'ono monga "kwa". Tsono mwana akauzidwa m'kalasi kuti kubwereka ndi "borrow", amanyamula "ndibwereke" wathunthu n'kukamuika m'Cizungu, ndipo pamatuluka "borrow me". Mwanayo waganiza bwino ndithu, kungoti watsata njira ya Cinyanja pamene Cizungu cili ndi njira yaceyace.

Ena adzafunsa kuti vuto lili pati, popeza tonse timamvana. N'zoona, pa msika timamvana. Koma pali malo awiri kumene sakhululuka. Oyamba ndi m'cipinda ca mayeso. Mayeso a Examinations Council of Zambia amalembedwa m'Cizungu, kupatula phunziro la zinenero zathu, ndipo wocongayo satsata zimene timamvana ku Kapata. Aciwiri, amene akutidetsa nkhawa kwambiri, ndi pa pepala la nkhongole.

Alimi a cigawo cino amadziwa nkhongole kuposa anthu ambiri. Makampani a thonje ndi a fodya amapereka mbeu, mankhwala ndi fataleza pa nkhongole, nadzadula ndalama zao pa nthawi yogula mbeu. Mu 2023 boma linayambitsa SAFF, njira yoti alimi azikongola ndalama za ulimi kudzera m'mabanki, ndipo imeneyi ndi yosiyana ndi FISP imene ili thandizo locepetsa mtengo. M'maparishi ndi m'midzi muli magulu osunga ndi kukongoletsana ndalama, ena mwa iwo ochedwa SILC. Pa foni napo nkhongole imabwera mongodina manambala. Kulikonseku mapepala ndi mauthenga ambiri amabwera m'Cizungu.

Nanga amene amawerenga mapepala amenewa m'nyumba zambiri za kumudzi ndani? Ndi mwana wa sukulu. Bambo akabwera ndi fomu kucokera ku msonkhano wa alimi, amaitana mwana wa Giredi 6 kapena wa ku sekondale nati: "Tawerenga apa, akuti ciani?" Pa fomu imeneyo pali mau awiri ocokera ku mau omwe aja. "Borrower" ndi wotenga nkhongole, ndiye inu mlimi. "Lender" ndi mwini ndalama, ndiye banki, kampani kapena gulu. Pepala likati "borrower" abweze ndalama ndi ciwongoladzanja pofika mwezi wakuti, likunena inu. Likati "lender" ali ndi mphamvu yotenga cikole ngati ndalama zacedwa, likunena winayo. Mwana amene kwa iye mau awiriwa ndi amodzi angathe kuuza bambo wake kuti udindo uli kwa kampani pamene uli kwa iwo. Bambo adinda cala mtima uli m'malo, ndipo adzadziwa zoona zake tsiku limene ng'ombe, njinga kapena malata zidzatuluka pakhomo.

Nkhongole siona kuti mvula inagwa bwanji. Cilala ca nyengo ya 2023 ndi 2024 cinaononga cimanga m'madera ambiri, kufikira kuti Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February 2024 kuti dziko lili pa tsoka. Minda inauma, koma mapepala amene anthu anasaina anakhala momwemo. Akuluakulu akumbukiranso Lima Bank, imene inagwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo limodzi mwa mavuto ake linali nkhongole zosabwezedwa. Ngakhale dziko lenileni ladziwa kuwawa kokhala "borrower". Machalichi anamenya nkhondo ya Jubilee 2000 kuti nkhongole za Zambia zikhululukidwe, ndipo gawo lalikulu linafafanizidwa kuyambira mu 2005. Koma pofika November 2020 dziko linalepheranso kulipira amene analikongoletsa. Mbadwo umene ukukula tsopano udzawerenga nkhani zimenezi m'nyuzipepala ndi kusaina mapepala aoao. Uyenera kudziwa mosakaika kuti wotenga ndani ndipo wopereka ndani.

Kuphunzitsa mau awiriwa sikufuna buku lodula. Mwana aphunzire ndi manja ake. Dzanja lolandira ndi "borrow", dzanja lopereka ndi "lend". Mphunzitsi aimike ana awiri kutsogolo, mmodzi agwire buku. Wopanda bukuyo anene kuti "May I borrow your book?" kapena "Please lend me your book." Zonse ziwiri ndi zolondola. Mwini buku popereka anene kuti "I will lend you my book." Kenaka asinthane malo, ndipo abwere ena awiri, mpaka kalasi yonse itagwirapo bukulo.

Pali kalamulo kamodzi kamene mwana sangaiwale akakagwira. Pambuyo pa "borrow" pamabwera cinthu cobwerekedwa, osati munthu. Umacita "borrow" khasu, buku kapena ndalama, ndipo mwini wake amabwera pambuyo pa "from", amene ali "kwa" wathu uja: "I borrowed a hoe from my uncle." Pambuyo pa "lend" ndi pamene munthu angabwere: "My uncle lent me a hoe." Mwana azindikirenso kuti zikacitika kale "borrow" amakhala "borrowed", koma "lend" amakhala "lent". Ndipo ngati afuna comugwirizitsa m'cinenero cake, tili naco: kukongola ndi "borrow", kukongoletsa ndi "lend", kubwereka kwa munthu ndi "borrow", kubwereketsa ndi "lend". Apa Cinyanja comwe cinamusokoneza cija ndico cimamutulutsa.

Ici ndi cifukwa cake tikupempha aphunzitsi kuti asaope kufotokoza m'Cinyanja. Malamulo a cinenero cophunzitsira asintha kangapo m'dziko muno. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cizungu kuyambira Giredi 1. Mu 2014 zinenero zathu zinapatsidwa malo kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo kuno cinali Cinyanja. Dongosolo latsopano limene linayamba mu 2025 labwezanso Cizungu m'makalasi oyamba, ngakhale lilola mphunzitsi kumasulira m'cinenero cimene ana akumva. Mpata umenewu ugwiritsidwe nchito. Mwana amene angoloweza kuti "borrow me" ndi colakwa, osauzidwa cifukwa cake, adzabwerera komweko akangotuluka pa geti la sukulu. Tikupemphanso a Chipata College of Education kuti aphunzitsi amene akuwakonza acoke kumeneko akudziwa malo otere, pamene Cinyanja ndi Cizungu zimasiyana njira.

Tidziwa kuti aphunzitsi ali ndi katundu wolemera. Kuyambira pamene maphunziro aulere anafika mpaka ku sekondale mu 2022, makalasi adzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangamve pakamwa pa mwana aliyense. N'cifukwa cake makolo sayenera kuima patali. Kholo limene silinapite kusukulu lisadziderere. Pakhomo timabwerekana zinthu tsiku lililonse: nkhwangwa, mcere, ngolo, ng'ombe zolimira, pampu yopopera thonje. Mwana akabwera ndi nkhwangwa ya aneba, mufunseni: "M'Cizungu ife tacita ciani, nanga iwo acita ciani?" Mukamva liu limodzi lomwelo kawiri, dziwani kuti pena pake palakwika, ndipo mumtume akafunse aphunzitsi mawa. Akamakuwerengerani fomu, musakhutire ndi "akuti mubweze". Mufunseni aloze ndi cala liu limene likunena inu ndi limene likunena mwini ndalama.

Pamene muli pa fomu yomweyo, yang'ananinso pansi posaina. "Witness" ndi mboni, munthu amene wangoona kuti wakuti wasaina. "Guarantor" ndi munthu amene walonjeza kulipira ngati mnzake walephera. Kusaina pa mzere wa "guarantor" uku ukuganiza kuti ndiwe mboni cabe ndi kusenza nkhongole ya mwini. Akulu anati safunsa anadya phula.

Atsogoleri a mipingo nawonso ali ndi mbali yao. Akatekisiti, aphunzitsi a Sande sukulu ndi atsogoleri a magulu a acinyamata amakumana ndi ana sabata iliyonse. Magulu osunga ndalama amakumana m'mabwalo a machalichi momwemo. Mphindi zisanu zokha asanagawe ndalama, mlembi wa gulu angathe kuwerenga mau awiriwa ndi kuwamasulira, kuti aliyense wotenga adziwe dzina lake pa pepala. Mawailesi athu, Breeze FM ndi Radio Maria, angathenso kuthandiza m'mapologalamu a ana ndi a alimi.

Cinthu cimodzi tikukana: kuseka kapena kumenya mwana cifukwa wanena "borrow me". Mwana wosekedwa amatseka pakamwa, ndipo wotseka pakamwa saphunzira cinenero. Mumuongole modekha, abwereze, mawa mumufunsenso. Ndipo akulu ayambe ndi pakamwa pao, pakuti ana amatola zimene amva kwa ife.

Nyengo iliyonse yolima, mafomu a nkhongole amayendanso m'midzi. Asanafike pakhomo panu, khalani pansi ndi mwana wanu, mumupatse khasu m'manja, ndipo akuuzeni m'Cizungu kuti wabwereka ndani ndi kuti wabwereketsa ndani.