ZA PAMSEU: Kusankha Mabuleki a Galimoto Yaliwiro

Galimoto zaliwiro zachuluka m'miseu ya chigawo cha Tete. Subaru Impreza WRX, Toyota Altezza, Golf GTI ndi BMW zikuoneka ku Moatize, ku Ulónguè ndi mumzinda wa Tete momwe, zambiri mwa izo zitayenda kale ku Japan kapena ku Joni. Mnyamata akagula yotere amathamangira marimu onyezimira ndi paipi ya utsi yobangula. Mabuleki amawakumbukira tsiku limene ayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri. Akafika kusitolo ya zipangizo amapeza mabokosi a mitengo yosiyanasiyana, ena olembedwa kuti ndi a mpikisano, ndipo amasowa chotenga.

Kusankha bwino kumayambira pa kudziwa za kutentha. Woyendetsa akaponda buleki, mapadi, amene m'masitolo amatchedwa pastilhas, amapana disiki yachitsulo yozungulira pamodzi ndi tayala, ndipo liwiro lonse la galimoto limasanduka kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,400 ikaima kuchokera pa liwiro la makilomita 120 pa ola, mabuleki amalandira kutentha kokwana kuwiritsa malita 2 a madzi, m'kanthawi kochepa chabe. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Tsono amene amachokera kumapiri a Angónia kupita ku Tete amatsika mamita opitirira 1,000, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala amakafika kuchigwa kumene dzuwa limapyola madigiri 40. Padi yosayenera ikatenthedwa motere imayamba kununkha ngati mphira wopserera ndi kuterera pa disiki. Woyendetsa amaponda ndi mphamvu zonse, koma galimoto imangopitirira, kutsogolo kuli lole ya malasha.

Mapadi ali m'magulu. Otsika mtengo amapangidwa ndi ulusi, mphira ndi zomatira. Salira ndipo sadya disiki, koma sachedwa kufooka akatentha. Ena amasakanizidwa ndi chitsulo chambiri. Amapirira kutentha, ngakhale amadetsa marimu ndi fumbi lakuda ndipo nthawi zina amalira. Palinso otchedwa seramiki, aukhondo ndi okhalitsa, abwino kwa woyenda m'tauni, koma ambiri mwa iwo sanapangidwire galimoto yothamangitsidwa pamtsetse wautali. Gulu lomaliza ndi la mpikisano weniweni, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna.

Padi ya mpikisano imagwira bwino ikatentha kwambiri, monga zimakhalira pabwalo la mpikisano pamene woyendetsa amaponda buleki mwamphamvu pa kona iliyonse. Ikakhala yozizira, yambiri imagwira mofooka, imalira, ndipo imapala disiki ngati tupa. M'mawa wa mwezi wa Juni ku Ulónguè, galimoto itangotuluka pampanda, mwana wasukulu akadumpha mseu, padi yodula ija ikhoza kuchedwa kuimitsa galimoto kusiyana ndi padi wamba. N'chifukwa chake makampani odziwika monga Brembo, Ferodo ndi EBC amasiyanitsa mapadi a mumseu ndi a pabwalo. Dzina la kampani palokha silikwanira; wogula afunse gulu lake. Galimoto yaliwiro yoyenda m'miseu ya anthu imafuna padi ya mumseu yopirira kutentha, imene imagwira kuyambira pa buleki yoyamba ya m'mawa.

Pali zizindikiro ziwiri zothandiza wogula. Choyamba ndi chilembo E chokhala ndi nambala, chotsatana ndi 90R, pabokosi ndi kumsana kwa padi. Ichi chimasonyeza kuti padiyo inayesedwa motsata lamulo la ECE R90, limene limafuna kuti kagwiridwe kake kasasiyane ndi ka padi ya kufakitale kupitirira 15 pa 100 alionse. Chachiwiri ndi zilembo ziwiri zimene mapadi ambiri amakhala nazo, monga EE, FF kapena GG. Chilembo choyamba chimanena za kagwiridwe padi isanatenthe kwambiri, chachiwiri itatentha. G imaposa F, ndipo F imaposa E. Padi yolembedwa FE ndiye kuti imafooka ikatentha, choncho siyenera galimoto yotsika mapiri. Bokosi lokongola lopanda zizindikiro, lopanda pepala la malangizo, la mtengo wotsika modabwitsa, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa madisiki, maso amanyenga koposa. Disiki yobooledwa mabowo imakongola kuseri kwa rimu, koma ikamatenthedwa ndi kuzizira kawirikawiri imang'aluka kuyambira pa mabowowo, makamaka ngati ndi yotchipa imene anangoiboola ndi makina. Ya mizere yosemedwa imasesa fumbi ndi madzi pankhope ya padi, koma imamaliza mapadi msanga. Kwa oyendetsa ambiri, disiki yosalala ya chitsulo chabwino, yokhala ndi mipata yodutsa mpweya pakati, ndi yokwanira, ndiponso sisunga matope a m'miseu yadothi.

Chofunika kwambiri pa disiki ndi kunenepa kwake. M'mphepete mwake kapena pakati pake pamalembedwa MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Makaniko ayeze ndi chida choyezera, osati ndi chala. Disiki yopyapyala kuposa nambalayo imatentha msanga ndipo ikhoza kusweka; kuipala pa makina kuti isalale sikuibwezera chitsulo chimene chatha. Ndiponso galimoto za dzina limodzi sizikhala ndi mabuleki ofanana. Impreza WRX STI yokhala ndi makalipa a Brembo silandira mapadi a WRX wamba, ndipo galimoto yopangidwira msika wa ku Japan ikhoza kusiyana ndi ya ku Ulaya. Wogula apite ndi nambala ya chasisi, ndipo ngati n'kotheka anyamule padi yakale. Safunsa anadya phula.

Mapadi ndi madisiki amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, kuopa kuti galimoto ingamakokere mbali imodzi. Kuika mapadi amphamvu kutsogolo n'kusiya otheratu kumbuyo kumasokonezanso kaimidwe ka galimoto. Disiki yatsopano isanamangidwe, dzimbiri la pamalo okhalapo lichotsedwe, chifukwa kadothi kakang'ono kotsalira kamachititsa chiwongolero kunjenjemera poponda buleki.

Ndalama zonsezi zimapita pachabe ngati mafuta a mabuleki ndi akale. Mafutawa amamwa chinyezi cha mumpweya. A DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 155. A DOT 3 amayambira pa 205 n'kutsikira pa 140, pamene a DOT 5.1 amayambira pa 260 n'kutsikira pa 180. Akawira, mumapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo chopondera chimangomira mpaka pansi ngati chinkhupule. Asinthidwe zaka 2 zilizonse, kuchokera m'botolo lomata. A DOT 5, opanda 1 kumapeto, ndi a mtundu wina ndipo sasakanizidwa ndi enawa.

Zonse zikamangidwa, mapadi ndi disiki zimafuna kuzolowerana. Pamseu wopanda anthu, woyendetsa achepetse liwiro kuchokera pa makilomita 80 kufika pa 20, maulendo 8 kapena 10, osaimiratu, kenaka ayende pang'ono osaponda buleki kuti zizizire. Ngati pepala la m'bokosi lanena njira ina, atsate yomweyo. Kuima phazi lili pa buleki disiki ili yotentha kumasiya chipsera cha padi pa chitsulo, ndipo kunjenjemera kumene ambiri amati disiki yapindika kawirikawiri kumayambira pamenepo.

Pomaliza, buleki yabwino imagwira tayala, koma chogwira mseu ndi tayalalo. Matayala akutha amafafaniza ubwino wonse wa mapadi odula. Ndipo potsika kuchokera ku Zóbuè kulowera ku Moatize, woyendetsa wanzeru amalowetsa giya yotsika kuti injini ithandize, n'kusunga mabuleki ozizira kudikira ng'ombe imene ingatulukire pakona. Sabata yamawa danga lino lidzakamba za kuwerenga manambala a pa tayala.