Tamverani Kulira kwa Galimoto

Mwezi uno tikambirane za galimoto zazikulu zoyenda m'misewu ya fumbi, monga Land Cruiser ndi Land Rover, zimene zimatitengera ku maukwati, ku maliro ndi ku misonkhano ya mpingo. Galimoto yotere ikayamba kulira kutsogolo, ambiri a ife timangokweza wailesi. Kutero ndi kulakwa, pakuti zitsulo zimene zikulirazo ndizo zimagwira mawilo ndi chiwongolero.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tizimitse wailesi, titsegule mazenera, tiyende pang'onopang'ono, ndipo timvetsere. Kulira kulikonse kuli ndi mwini wake. Tikamva gugudu! gugudu! podutsa pa maenje, kawirikawiri ndi mabushi a mphira amene atha, kapena mashoko amene afooka. Tikamva the! the! the! pokhota kwambiri, tikayikire CV joint. Mphira yoiphimba ikang'ambika, girizi amatayika ndipo mchenga umalowa. Koma kulira kwa huu! kumene kumakula pamene liwiro likukula, nthawi zambiri ndi beringi ya wilo.

Tikaima pamalo osalala, tiyambe ndi chapafupi: kodi manati a mawilo ndi omangika? Kenaka tikanikize galimoto pansi mwamphamvu pa ngodya imodzi ya kutsogolo, ndi kuisiya. Ikakwera kamodzi n'kukhazikika, shoko ili bwino. Ikapitiriza kudumphadumpha, yatha. Tisuzumirenso ngati shokoyo ikudontha mafuta.

Tsono tikweze wilo ndi jeki. Tigwire tayala pamwamba ndi pansi, tiligwedeze. Likamagwedera, vuto lili pa ball joint kapena pa beringi. Tiligwirenso kumanja ndi kumanzere. Likamagwedera, tiyang'ane tie rod end, imene imalumikiza wilo ndi chiwongolero. Anyamata inu, musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeki yokha, chifukwa jeki imaterereka.

Mabushi akhoza kudikira malipiro a mwezi, koma ball joint ndi tie rod end sizidikira. Ball joint ikaguluka, wilo limapindikira mkati galimoto ili pa liwiro. Tie rod end ikaduka, chiwongolero sichilamuliranso wilolo. Zikatero, woyendetsa alibenso chochita. Nchifukwa chake tikapeza kugwedera kotere tisanyamule anthu, koma tipite nayo kwa makaniko, timuuze bwino lomwe kumene ikulira ndi nthawi imene imalira.

Katekisima wa Heidelberg, wa chaka cha 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi, amatiletsa ngakhale kudziika dala pangozi. Nanga kuli bwanji kuika pangozi ana athu ndi amayi a chigwirizano amene atikhulupirira ndi kukwera? Tisanyamuke tisanapemphere, inde. Komanso tisanyamuke tisanagwedeze matayala.