Kodi Asilikali Akale Ndi Anthu Osalidwa?

Masiku ano mau akuti "magulu osalidwa" afala m'maofesi ndi m'misonkhano, ndipo ena akufunsa ngati asilikali akale ayenera kuŵerengedwa m'gulu limeneli. Ife tikuti funsoli lamanga mtolo umodzi anthu amene sali ofanana. Mkulu wa asilikali amene anapuma ndi penshoni, nyumba ndi munda wake sangatchedwe wosalidwa. Koma alipo amene anasalidwadi, ndipo umboni wake ndi wolembedwa.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anaitcha ya Chiŵaya, asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi Majeremani ku Karonga mu September 1914. Pambuyo pawo panali amtengatenga, amuna ochuluka zedi amene boma la atsamunda linaŵatenga m'midzi, ambiri mokakamiza, kuti akasenze katundu wa nkhondo. Njala ndi matenda zinaŵatha m'njira. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondoyo, makamaka a mu Africa ndi Middle East, sanalembedwe maina kapena sanakumbukidwe konse, pamene maina a azungu anazokotedwa pa miyala ya manda ndi pa zipilala.

Pa nkhondo yachiŵiri anyamata a Nyasaland anafika ku Somaliland, Abyssinia, Madagascar, ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za Burma. Makalata a boma la Britain a 1945, amene anaululidwa mu 2019, akusonyeza kuti ndalama ya chithokozo ya msilikali wamba wachizungu inali masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene ya munthu wakuda inali masheleni 3 ndi sikisipensi. Chipolopolo sichinasankhe khungu, koma wolipira anasankha. Anthu aŵa anasalidwa chifukwa cha khungu ndi umphaŵi wawo. Yunifolomu siinali chifukwa.

Kusiyanitsa kumeneku nkofunika. Tikaŵatcha onse osalidwa, thandizo lidzathera kwa odziŵa kulemba makalata ndi kugogoda zitseko za m'tauni, ndipo nkhalamba ya kumudzi idzatsala. Mnyamata amene anapita ku Burma ali ndi zaka 18, lero wayandikira zaka 100. Otsala ndi oŵerengeka, ndipo nkhata za maluŵa zoikidwa pa chipilala cha ku Zomba mu November, ngakhale ziri zoyenera, sizigula mankhwala kapena bulangete.

Tikupempha ogwira ntchito m'maofesi a boma kuti nkhalamba yotere, kapena mai wake wamasiye, ikafika ndi pepala long'ambika, asaiuze kuti ibwere maŵa. Aphunzitsi nawo atume ana a m'makalasi apamwamba kwa mafumu ndi agogo awo, akalembe maina a amtengatenga ndi asilikali a m'mudzi mwawo, kumene anapita ndi chaka chimene anachoka, ndipo buku limenelo lisungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu.