Chenjezo kwa Madalaivala a M'misewu Yafumbi: Tabuleti Sidziwa Kuti Mlatho Unakokoloka

M'nyengo ya mvula, tikupempha nonse amene mumayendetsa galimoto m'misewu yafumbi, a mabungwe, a maambulansi, ogula mbewu m'midzi ndi alendo opita ku Nyika, Vwaza kapena Majete, kuti musalole mapu a pa tabuleti kukhala okhawo okuuzani kolowera.

Chipangizochi chimadziwa pamene muli chifukwa chimamva masetilaiti a GPS. Koma mzere wabuluu umene chimakulozerani umachokera pa mapu amene anajambulidwa kale, mwina zaka zapitazo. Sichidziwa kuti usiku wathawu mtsinje unadzaza, kuti kalavati inagumuka, kapena kuti njira yachidule ija anthu analimapo chimanga. Namondwe Ana atadula msewu wa M1 ku Chikwawa mu January 2022, ndiponso Freddy atakokolola milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023, pagalasi la tabuleti msewu unkatha kuonekabe wathunthu. Ku India, mu November 2024, amuna atatu anafa galimoto yawo itagwera mumtsinje wa Ramganga kuchokera pamlatho woduka, akutsatira mapu a pa foni. Ngati zimenezi zikuchitika pamsewu wa mlatho wasimenti, nanga bwanji kanjira kakumudzi kamene palibe amaika chikwangwani?

Pamene pakutidetsa nkhawa kwambiri ndi pamadrifti, pamene msewu umadutsa m'mtsinje popanda mlatho. Madzi othamanga akuya masentimita 30 okha amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo akafika 60 amanyamula ngakhale Land Cruiser. Mukafika pamadzi, imani, tsikani. Yang'anani matope a m'mphepete: kodi pali mapazi a matayala atsopano amene alowa uku n'kutulukira tsidya linalo? Ngati palibe, musaoloke. Ngati madziwo ndi ofiira ndipo akubwera ndi zinyalala ndi nthambi, ndiye kuti kumtunda kwagwa mvula ndipo akukwerabe. Dikirani. Usiku musayese n'komwe.

Tabuletiyo nayo ili ndi zofooka zake. Ma iPad a Wi-Fi yokha alibe GPS mkati. M'tauni amaoneka ngati akugwira bwino, koma mukangolowa kutchire kadontho kabuluu kamasochera. Fufuzani zimenezi musananyamuke. Mapu a dera lonse muwatsitsiretu muli kunyumba, kaya ndi a Google Maps, OsmAnd kapena Tracks4Africa, chifukwa pa ulendo wa makilomita oposa 100 wochokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda netiweki ndi yosadalirika. Kutentha nako ndi vuto: Apple imati zipangizo zake zizigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumatha kupyola 40, osanena za padashibodi pamene dzuwa likuwomba pagalasi. Tabuleti ikatenthedwa imazima yokha, ndipo imachita zimenezi inu muli pamphambano. Tchaja yofooka ya pa laita siikwanitsa kudyetsa tabuleti imene galasi lake likuwala tsiku lonse. Batire limatha ngakhale chingwe chili cholumikiza.

Tabuletiyo musaiike pamwendo kapena kuigwira m'manja. Imangeni pa chogwirira cholimba, kutali ndi pamene pamatulukira airbag, chifukwa pabampu kapena pangozi chinthu cholemera theka la kilo chimauluka n'kumenya munthu kumaso. Mukafuna kuona mapu, imikani galimoto kapena mupatseni mnzanu wapambali. M'misewu imeneyi muli ana asukulu, njinga ndi ngolo, ndipo maso akangochoka pamsewu kwa masekondi awiri, mwana wawoloka kale.

Koposa zonse, funsani eni dera. Tsitsani galasi pamsika womaliza, perekani moni bwinobwino, nenani kuti, "Pepani bambo, kodi galimoto zikuoloka pamtsinje lero?" Anyamata a kabaza adutsapo m'mawa womwewo. Akakuuzani kuti zungulirani njira ya kusukulu, zungulirani, ngakhale tabuleti ikunena kuti mutaya ola lathunthu. Mukalowa m'nkhalango zotetezedwa, funsani alonda a pageti za njira zimene atseka, ndipo musachoke pa zimene akuuzani.

Musananyamuke, uzani munthu wina njira imene mudzere ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika. Tengani madzi akumwa, khasu kapena fosholo, chingwe chokokera ndi mafuta okwanira kubwerera ngati njira yatsekeka. Mukatitimira kutchire kumene kuli njovu ndi njati, khalani m'galimoto mpaka thandizo lifike.