Musawapatse ana nambala, apatseni dzina

Lero ndiyamba ndi kuvomera cholakwa.

Kunyumba kwanga kuli kompyuta yakale imene ndinaisandutsa server. M'menemo muli manotsi anga a Masamu, mafunso oyeserera a Folomu 3 ndi 4, ndiponso mayankho ake. Nditangoiyambitsa, ndinalemba pa bolodi nambala yake, ija timati IP address, n'kuuza ana kuti aikopere kumapeto kwa kope. Kwa milungu ingapo zinayenda bwino. Usiku wina magetsi anazima, ndipo atayakanso router inalandira nambala ina kuchokera ku kampani ya intaneti, ine osadziwa. Kutatsala sabata imodzi kuti mayeso a MSCE ayambe, mtsikana wina anandiimitsa pakhomo la staff room. "Sir, manotsi aja munawachotsa?" Anali atayesa masiku anayi, bundle yake n'kuthera pa tsamba losatseguka. Manotsi analipo ndithu, koma kalasi yonse inali ndi nambala yakufa m'makope.

Sindingaloze chala kampani ya intaneti, chifukwa nambala ya pakhomo kawirikawiri imakhala yobwereka, ndipo ikhoza kusintha nthawi iliyonse. Wolakwa ndinali ine. N'chifukwa chake ndikunena kuti mphunzitsi aliyense woyendetsa server kunyumba azipatsa ana dzina, ndipo dzinalo likhale lakelake.

Ntchito yotembenuza dzina kukhala nambala imagwiridwa ndi DNS. Kale mayina onse a makompyuta a pa ARPANET ankalembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene inkasungidwa ku SRI, ku California, ndipo aliyense ankakopera kumeneko. Makompyuta atachuluka njirayi inalephera, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS. Mu DNS, mzere wa mtundu wa A umanena kuti dzina lakuti lili pa nambala yakuti. Mzere wa CNAME sutchula nambala, umangonena kuti dzina ili ndi dzina lina la ujeni, kafunseni kumeneko. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa kale zimenezi: kalata ya agogo inkabwera kudzera pa bokosi la sukulu kapena la mpingo, ndipo inkafika.

Ndinachita zinthu ziwiri. Choyamba, ndinalembetsa ku kampani ya dynamic DNS, monga No-IP kapena DuckDNS, n'kulandira dzina laulere. Router kapena kapulogalamu ka pa server kamauza kampaniyo nambala yatsopano ikangosintha. Chachiwiri, ndinagula domain yangayanga, ndipo pansi pake ndinalemba mzere umodzi wa CNAME. Tinene kuti domain ndi example.com, dzina losungidwira zitsanzo basi. Ndiye masamu.example.com imaloza ku dzina laulere lija, ndipo dzina laulerelo limaloza ku nambala ya lero. TTL, nthawi imene makompyuta ena amasunga yankho asanafunsenso, ndinaiika pa masekondi 300, kutanthauza mphindi 5. Pomaliza ndinalemba nslookup masamu.example.com kuti ndione ngati yankho likubwera.

Wina afunsa kuti bwanji osangopatsa ana dzina laulerelo. Chifukwa si langa. Mu 2014 kampani ya Dyn inasiya kupereka mayina aulere, ndipo amene sanafune kulipira anayenera kusaka dzina lina n'kuuzanso anthu onse. Zoterezi zikandichitikira, ndisintha mzere umodzi wa CNAME, ndipo zimene ana analemba m'makope zikhalabe zoona. Ngakhale nditasamutsidwa kupita kusukulu ina, kapena kompyuta yakaleyi itafa manotsi n'kupita kwina, dzina silisintha.

Pali misampha iwiri. CNAME siikidwa pa example.com penipenipo, chifukwa dzina lokhala ndi CNAME sililoledwa kukhala ndi mizere ina, pamene pamutu pa domain pamakhala kale mizere ya NS ndi SOA. Gwiritsani dzina la pansi pake. Msampha wachiwiri ndi waukulu. Makampani ambiri, makamaka a intaneti ya pafoni, amagawira makasitomala ambiri nambala imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Onani nambala imene router yanu yalandira kuchokera kunja. Ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena ikasiyana ndi imene dziko likukuonerani, port forwarding sigwira ngakhale DNS yanu ikhale yolondola bwanji. Yang'anani zimenezi musanatulutse ndalama.

Mnzanga wina ku staff room anandiseka, amvekere: "Achimwene, zonsezi za chiyani? Tumizani pa WhatsApp basi." Akunena zoona mbali ina. Domain imalipiridwa chaka ndi chaka, nthawi zambiri m'madola, ndipo ukaiwala kulipira dzina limatha kugulidwa ndi wina. Pa malipiro a mphunzitsi si nkhani yaing'ono. Koma fayilo ya pa WhatsApp imakwiririka ndi mauthenga, foni ikadzaza imafufutidwa, ndipo mwana wa chaka chamawa sali m'gulumo. Pa nkhani ya ndalama, domain imodzi imanyamula mayina ambiri popanda kuwonjezera mtengo. Aphunzitsi asanu akhoza kusonkherana, wina n'kutenga masamu, wina bayoloje, wina chichewa, aliyense kuloza ku server yake.

Chenjezo lomaliza: mukatsegula server kudziko, aliyense akhoza kugogoda. Musaikemo mayina a ana, magiredi awo kapena zithunzi zawo. Ikani manotsi ndi mafunso basi, sinthani password imene inabwera ndi router, ndipo muzichita update.

Mtsikana uja ndinamusindikizira manotsi pa pepala tsiku lomwelo, ndipo ndinapepesa pamaso pa kalasi yonse. Inu ophunzira anga akale amene mukadali ndi nambala ija kumapeto kwa kope, ifufuteni. Mukandipeza ndikupatsani dzina, ndipo mukhoza kupatsa azing'ono anu.